MADZI SAIWALA KHWAWA: MBIRI YA MALO A M'MBALI MWA LUNYANGWA

Tsiku lina m'mwezi wa Ogasiti mnzanga amene timaphunzitsa naye adandipempha kuti ndimperekeze kukaona puloti imene ankafuna kugula kufupi ndi mtsinje wa Lunyangwa. Tidakwera njinga zija timazitcha sakaramento kuno ku Mzuzu mpaka pamene mseu udathera, kenaka tidatsetsereka wapansi. Kunena zoona malowo adali okongola. Pamene kumtunda konse kudali fumbi ndi udzu wouma, kumeneko kudali kobiriwira: nthochi, nzimbe, mpiru ndi tomato m'madimba, ndiponso nyumba zatsopano zamalata zikung'anima padzuwa. Mwini malowo, bambo wachikulire waulemu wake, adatilozera malire ndi ndodo nati, "Dada, pano madzi simudzawasowa." Mtengo umene adatchula udali wotsika kwambiri poyerekeza ndi umene anthu amatchula kumtunda. Mnzanga uja adayamba kale kupapasa m'thumba. Ine ndidangomukodola ndi kumuuza kuti tibwerenso mu Epulo.

Ambiri a inu amene mukuwerenga tsamba lino mudzaima pamalo otere posachedwa. Aphunzitsi atopa ndi lendi, ndipo ophunzira amene akutsiriza maphunziro awo akulota kale za nyumba yawoyawo. Cholinga changa si kukuopsezani, koma kukumbutsa kuti kutsika mtengo kwa puloti ya m'mbali mwa mtsinje kuli ndi mbiri yake. Amene akudziwa m'mene mzinda uno udakulira angathe kudziwa chifukwa chake malo ena adatsala osamangidwa kwa zaka zonsezi, ndipo adzagula maso ali tseguke.

MZINDA WOBADWIRA PAMTSINJE

Mzuzu ndi mzinda wamng'ono pa msinkhu. Pamene amishoni a Livingstonia ankatsegula mishoni ya Ekwendeni m'chaka cha 1889, m'dera la Inkosi Mtwalo, pamalo pamene pali mzinda lero padali nkhalango, madambo ndi midzi yapatalipatali. Boma la atsamunda litayamba kulamulira dziko la Angoni m'chaka cha 1904, likulu la dera lino lidali ku Mzimba, ndipo katundu ankalowera panyanja. Chigawo chonse cha Kumpoto Azungu ankachinyoza kuti n'chakufa, poti chimene chinkatuluka kuno kwenikweni adali amuna opita kukagwira ntchito m'migodi ndi m'mafamu a ku Rhodesia ndi ku South Africa.

Chimene chidabala Mzuzu ndi mtengo wachilendo wochokera ku China wotchedwa tung. Mbeu zake amayengera mafuta opangira utoto ndi vanishi. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, dziko la Britain lidali pa usiwa, ndipo lidaganiza zolima m'maiko amene linkalamulira zinthu zimene kale linkagula kwina. Ku Tanganyika adayamba ntchito yaikulu ya mtedza imene idatha mochititsa manyazi. Kuno ku Nyasaland maso awo adagwera pa mapiri a Viphya, ndipo munda wa tung udayamba m'chaka cha 1947. Bungwe la Colonial Development Corporation, limene lidakhazikitsidwa m'chaka cha 1948, ndilo lidayendetsa ntchitoyo. Bungwe lomwelo lidayesanso kulima mpunga ndi makina m'dambo la Limphasa ku Nkhata Bay, koma zidakanika. Dambo lidawaphunzitsa msanga kuti silimvera mapulani olembedwa ku London.

Ngakhale dzina lenilenilo la mzinda likununkha madzi. Nkhani imene imakambidwa kawirikawiri ndi yakuti Azungu a tung adalephera kutchula mau akuti vizuzu, dzina la zomera za m'mbali mwa Lunyangwa, kufupi ndi pamene pali sukulu ya sekondale ya boma lero. Ndiye kuti mtsinjewu ndiwo mwini mudzi, ife tonse ndife obwera. Umachokera kummawa m'nkhalango ya Kaning'ina, umadutsa mumzinda, umapitirira cha ku Ekwendeni ndi kukathira mu Kasitu. Kasitu amathira mu South Rukuru, ndipo madziwo amakathera m'nyanja ya Malawi.

Malonda a tung sadapite patali, chifukwa mitengo ya mafutawo idagwa pamene mafakitale akunja adapeza njira zina zopangira utoto. Koma miseu, nyumba ndi masitolo zidatsala. M'zaka za m'ma 1950 boma lidasamutsira likulu la Chigawo cha Kumpoto kuno kuchoka ku Mzimba. Akatolika nawo adakhazikika, ndipo dayosizi ya Mzuzu idakhazikitsidwa m'chaka cha 1961. Tsono taonani chinthu chimodzi: onse amene adafika poyamba, a munda wa tung, a boma ndi a mpingo, adali ndi ufulu wosankha, ndipo adasankha zitunda. Maofesi, matchalitchi, masukulu ndi nyumba za akuluakulu a boma zidamangidwa pouma. Madambo adawasiyira achule, madimba ndi ng'ombe. Sikuti adali anzeru kuposa ife ai. Malo adalipo ambiri ndipo anthu adali ochepa.

ANTHU ACHULUKA, ZITUNDA ZATHA

Kalembera wa chaka cha 1977 adapeza anthu 16,108 mu Mzuzu. Pofika 1987 adali 44,217. M'chaka cha 1998 adakwana 86,980. M'chaka cha 2008 adali 133,968. Ndipo kalembera wa 2018 adawerenga anthu 221,272. Ndiye kuti pa zaka 41 zokha chiwerengero chidachulukana koposa ka 13. Pa malamulo napo zinthu zidayenda mofulumira: Mzuzu adakhala manisipalite m'chaka cha 1980, ndipo adakwezedwa kukhala mzinda m'chaka cha 1985.

Zimene zidakoka anthuwa n'zodziwika. Boma lidaletsa ulendo wa Wenela m'chaka cha 1974 ndege itagwa ku Francistown ndi kupha Amalawi 74 amene ankachokera kumigodi, ndipo khomo limene anyamata akumpoto ankatulukira lidayamba kutsekeka. Nkhondo ya ku Mozambique itatseka njanji za ku Beira ndi ku Nacala m'zaka za m'ma 1980, katundu wa dziko lino adayamba kudzera ku Dar es Salaam, ndipo mseu wa M1 udasandutsa Mzuzu malo opumulira magalimoto ndi ochitira malonda. Msika wa Taifa ndi mboni ya ubale umenewu ndi Tanzania. M'chaka cha 1989 boma lidalamula kuti aphunzitsi abwerere kuzigawo za kwao, ndipo mabanja ambiri akumpoto adapakira katundu mwadzidzidzi. Pambuyo pake kudabwera Yunivesite ya Mzuzu, imene idakhazikitsidwa m'chaka cha 1997 pamalo a koleji yakale ya aphunzitsi ku Luwinga ndi kulandira ophunzira oyamba m'chaka cha 1999. Chipatala chachikulu cha Mzuzu, chimene adamanga ndi chithandizo cha dziko la Taiwan, chidatsegulidwa m'chaka cha 2000. Bungwe lililonse lotere limabwera ndi antchito ake, ophika ake, alonda ake ndi ogulitsa mandasi pachipata, ndipo onsewa amafuna pogona.

Boma lidali ndi njira yake yolandirira anthu ochepekedwa. Bungwe la Malawi Housing Corporation, limene lidakhazikitsidwa m'chaka cha 1964, linkamanga nyumba za lendi, komanso linkadula mapuloti m'malo amene munthu ankaloledwa kumanga nyumba molingana ndi thumba lake, ngakhale ya zidina ndi udzu. Njirayi idali yabwino, koma mapuloti odulidwa mwalamulo sadakwanire konse. Munthu ankalembetsa dzina n'kudikira mpaka imvi. Amene adatopa kudikira adapita kwa eni minda ndi kwa mafumu, nagula kachigawo ka munda kapena ka dimba popanda pepala la boma. Umu ndi m'mene adakulira malo monga Masasa, Ching'ambo, Chibanja, Salisbury Lines ndi Area 1B ya ku Luwinga, ena pa zitsetso zoopsa, ena m'madambo enieni. Lipoti la bungwe la UN-Habitat la chaka cha 2011 lidanena kuti anthu oposa theka la okhala mu Mzuzu adali m'malo osakonzedwa ndi a mapulani.

Apa pali chinthu chimene ogula ambiri sachidziwa. Lamulo la mafumu la chaka cha 1967 limanena kuti mfumu ilibe mphamvu m'kati mwa mzinda pokhapokha khonsolo italola polemba. Koma malire a mzinda akhala akufutukuka ndi kumeza midzi imene idalipo kale ndi mafumu ake ndi manda ake. Choncho papepala malo angathe kukhala a boma, pamene pamaso pa anthu ndi a banja lakutilakuti kuyambira makolo. Wogula amapezeka ali pakati pa malamulo awiri, ndipo madobadoba amadyera pampata womwewo.

M'MENE DAMBO LIMABWEZERA

Mzuzu ali pamtunda wa mamita pafupifupi 1,250 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo mvula yake imachedwa kusiya. Pamene kumwera anthu ayamba kukolola, kuno mu Epulo imakhala ikadagwa, ndipo imagwera panthaka imene yakhuta kale. M'masiku akale dambo linkagwira ntchito ngati nkhokwe ya madzi. Udzu, bango ndi dothi lakuda zinkamwa madzi a mvula ndi kumawatulutsa pang'onopang'ono m'chilimwe, n'chifukwa chake mitsinje ya kuno sinkaphwa. Tsono denga lililonse lamalata, bwalo lililonse lasimenti ndi mseu uliwonse zimachotsa malo amene madzi akadalowera pansi. Madzi amene kale ankatenga masiku kuti afike kumtsinje tsopano amafika pa ola limodzi. Onjezerani mitengo imene yatha m'zitunda chifukwa cha makala ndi nkhuni zootchera njerwa, maenje a oumba njerwa m'mphepete mwa mtsinje, okumba mchenga amene amagumula magombe, ndiponso mapepala apulasitiki amene amatseka ngalande ndi milatho. Mvula ikhoza kukhala yofanana ndi ya kale, koma mzinda umene ikugwerapo si womwe uja.

Ngongole imeneyi idalipidwa mu Epulo 2016. Mvula idagwa masiku otsatizana, madzi adadzaza m'malo otsika, ndipo m'zitsetso nthaka idagumuka ndi kugwetsa makoma anthu ali m'tulo. Malo okhala anthu 15 adakhudzidwa, anthu asanu ndi awiri adafa, ndipo pafupifupi 19,000 adasowa pokhala, ambiri nakagona m'misasa. Mzinda udali usadaonepo zotere chiyambire. Padamveka mau ambiri akuti anthu asamukire kumtunda, koma madzi ataphwa ochuluka adabwerera pamabwinja awo ndi kuumbanso njerwa. Tisafulumire kuwaseka. Puloti yakumtunda imafuna ndalama zimene alibe, ndipo ili kutali ndi msika, sukulu ndi ganyu. Munthu amene amadya zimene wapeza tsiku lomwelo amaopa njala ya mawa koposa chigumula cha chaka chamawa.

Nkhani imeneyi si ya Mzuzu yekha. Mu Febuluwale 2017 mtsinje wa Lingadzi udasefukira ndi kuononga nyumba ku Mtandire mumzinda wa Lilongwe. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy adagumula phiri la Soche ku Blantyre, ndipo matope adakwirira mabanja ku Chilobwe. Konseko mbiri ndi imodzi: oyamba adatenga pabwino, obwera mochedwa adakwera phiri kapena kutsikira kumtsinje. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

UBWINO NDI KUIPA KWA KUKHALA KUMTSINJE

Ndingakhale wabodza nditanena kuti m'mbali mwa Lunyangwa mulibe moyo wabwino. Banja limene lili ndi dimba silidandaula ndiwo chaka chonse, ndipo mai wakhama amalipira fizi ndi ndalama za masamba ndi nthochi. Mitengo ya zipatso imakula msanga. Malo ambiri otere ali pafupi ndi tauni kotero kuti munthu amafika kuntchito wapansi kapena panjinga. Amene ali ndi zipinda za lendi kufupi ndi sukulu yathu ino sasowa ophunzira olowamo. Ndiponso m'malo atsopano anthu amadziwana msanga, poti amakumba limodzi ngalande, kusonkherana ndalama za mlatho wa matabwa ndi kuthandizana pamaliro. Mtumbuka, Mtonga, Mngoni, Mnkhonde ndi Mchewa amamwera chitsime chimodzi.

Koma chitsime chomwecho ndicho chiyambi cha mavuto. M'dambo madzi apansi ali pafupi. Ukakumba chimbudzi umakumana ndi madzi usanafike patali, ndipo m'dzinja chimbudzicho chimadzaza kapena kugumuka. Ngati chitsime cha mnzako chili pafupi, zimene zili m'chimbudzi zimapeza njira yake. Akatswiri a za madzi ndi ukhondo a pa Yunivesite ya Mzuzu akhala akufufuza za zimbudzi ndi zitsime za m'malo ngati Area 1B, ndipo amene akufuna kumanga m'dambo achita bwino kucheza nawo asanagule simenti. Madzi a m'mipopi ndi a bungwe la Northern Region Water Board, limene limatunga padamu la Lunyangwa, koma kuti paipi ifike pakhomo pako pamafunika njira yoti idutsemo, ndipo kumene nyumba zidamangidwa mothithikana njirayo kulibe.

Nyumba nayo imadwala. Chinyezi chimakwera m'makoma kuchokera pansi, pulasitala amafufuma ndi kugwa, zovala m'sutikesi zimachita nkhungu, ndipo mabuku, chuma chokhacho cha mphunzitsi, amanunkha chuku. Kuzizira kwa Juni ndi Julaye, kumene Mzuzu amatchuka nako, kumakhala koposa m'zigwa m'mene nkhungu imagona mpaka dzuwa litakwera. Udzudzu suchoka. M'dzinja galimoto imathera kumtunda, ndipo wodwala kapena mai woyembekezera amanyamulidwa pamanja usiku. Ndalama imene munthu adapulumutsa pogula puloti imabwerera m'maziko aatali, m'miyala, m'ngalande ndi m'mankhwala.

KWA AMENE AKUFUNA KUGULA

Poyamba, puloti ya kumtsinje imaonedwa m'dzinja. Wogulitsa amakonda Ogasiti ndi Seputembala, wogula akonde Malichi ndi Epulo. Pitani mvula itangokata, muone kumene madzi akuchokera ndi kumene akupita, muonenso ngati mungafikeko nsapato zili kuphazi.

Kachiwiri, werengani nthaka. Bango, mlulu ndi dothi lakuda lomata zimanena zoona kuposa munthu. Yang'anani makoma a nyumba zoyandikana: mzere wa matope kapena wa ndere umasonyeza pamene madzi adafika. Ngati anansi adakweza khonde lawo kufika m'chiuno, sadachite zimenezo pofuna kukongoletsa.

Kachitatu, funsani anthu amene sakupindulapo kanthu. Agogo amene adalima dimba pamenepo zaka makumi atatu, amai otunga madzi, ngakhale ana asukulu, adzakuuzani pamene madzi adalekezera mu 2016. Funso limodzi lokha lakuti "Pano padali chiani kale?" lingakupulumutseni. Akati padali dimba la mpunga kapena maenje a njerwa amene adakwiriridwa ndi zinyalala, tsanzikani mwaulemu. Safunsa adadya phula.

Kachinayi, funsani mwini weniweni wa malowo. Mu Mzuzu malo ena ali m'manja mwa unduna wa za malo, ena ndi a Malawi Housing Corporation, ena ndi a khonsolo, ena ali ndi lizi ya munthu, ndipo ena akadayendetsedwa mwa chikhalidwe. Malamulo a za malo adasinthidwa m'chaka cha 2016 ndi kukonzedwanso m'chaka cha 2022, choncho zimene adachita amalume anu pogula puloti yawo kale sizingakhale muyeso wa lero. Pitani nokha kuofesi ya za malo ndi kukhonsolo, mufunse ngati pamalopo mpololedwa kumanga nyumba, ngati sipadzadutsa mseu, ndiponso ngati sipali m'kati mwa gombe limene malamulo amateteza. Kalata ya mfumu ndi mboni zitatu ndi zabwino pamudzi, koma banki siilandira ngati chikole, ndipo singaimitse thalakitala yogwetsa nyumba. Ngati malowo ndi a banja, onetsetsani kuti abale onse avomera, chifukwa puloti imodzi imagulitsidwa kawiri kapena katatu.

Kachisanu, mukagula, kumbukirani kuti inunso mwasanduka gawo la mbiri imeneyi. Mpanda wa njerwa umene mudzamanga udzakankhira madzi kwa mnansi wanu wakumunsi. Siyani mpata wa ngalande, siyani udzu pabwalo m'malo mothira simenti paliponse, bzalani mitengo kugombe, ndipo chimbudzi chikhale kutali ndi chitsime. Ife ophunzira tili ndi mlandu waukulu pano kuposa wogulitsa makala, chifukwa tikamanga m'dambo nyumba yamalata ndi mpanda wautali, anthu amati ngati aphunzitsi a kuyunivesite amanga pamenepa ndiye kuti mpabwino.

Epulo atafika tidabwererako ndi mnzanga uja. Sakaramento idatitsitsa patali ndi pamene idatitsitsa poyamba, ndipo tidavula nsapato. Pamene bambo uja adatilozera ndi ndodo padali thamanda, nsonga za zikhomo za malire zikungosuzumira pamwamba pa madzi, ana akuwedza timatemba ndi chitenje. Bamboyo sadatinamize: madzi sitidawasowe. Mnzangayo adagula puloti ina kumtunda pang'ono m'dera lomwelo, yaing'ono ndi yokwera mtengo, ndipo adadikira miyezi yambiri kuti mapepala atuluke. Mtsinje amauona ali pakhonde, ndiwo amagula kwa anansi akumunsi.

Puloti yoyamba ija sidakhalitse. Mvula itasiya ndi nthaka itauma, munthu wina adaiona mu Ogasiti, naikonda. Pamene ndinkadutsako komaliza ndidapeza amisiri akukumba maziko, ndipo mnyamata mmodzi adali kukapa madzi m'ngalandemo ndi chidebe.